Mphongo ya Dorper: tigule kapena tidikire?

Wapampando: Abale, ndalama za m'thumba lachitukuko zakwana kugula nkhosa yamphongo imodzi. Ena akuti tigule ya mtundu wakunja wotchedwa Dorper kuti izikwera nkhosa za kumudzi. Timve maganizo anu tisanakumane Loweruka.

Mkulu wa ku Katete: Musanathamangire mtundu, kumbukirani mmene makolo ankagulira. Nkhosa ankasinthanitsa ndi chimanga kapena mbuzi, ndipo wogula ankayamba waiyasamulitsa. Mano akutsogolo ali m'munsi mokha. Akuluakulu akakhala 2, yangopitirira chaka; akakhala 4, ili ndi zaka ziwiri; akakwana 8, yafika zaka zinayi. Kenako ankagwira mchira. Mafuta a mumchira ndiwo amaisunga nkhosa yathu mu October udzu ukapsa. Dorper nkhokwe imeneyo ilibe.

Membala wa ku Lusaka: Zoona akulu, koma Dorper si nkhosa yolobodoka. Inapangidwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1930 pokweretsa Dorset Horn ndi Blackhead Persian, dala kuti izipirira malo ouma. Ana ake amakula msanga, ndipo safuna kumetedwa. Ogula opita nazo ku Kasumbalesa, pamalire a Zambia ndi Congo, amayang'ana thupi, sayang'ana mchira.

Mayi a ku Chadiza: Chilala sindikuchiopa ine, ndikuopa nkhupakupa ndi dambo. Nkhosa yochokera kufamu ikalumidwa ndi nkhupakupa zija za mawangamawanga imagwidwa matenda a heartwater: imayenda mozungulira, kugwa, n'kumapalasa miyendo, mawa lake yafa. Zathuzi zinazolowera. Kudambo nakonso kuli njoka za m'mimba ndi kuola kwa ziboda. Mukatsitsa chikope cham'munsi n'kuona moyera m'malo mofiira, kapena pansi pachibwano patatupa, magazi atha kale. Ndiye ngati ndalama yonse ithera pa mphongo, ya dibi ndi mankhwala a njoka ichokera kuti?

Msungichuma: Funso limenelo ndi langanso, mayi. Bajeti yake palibe.

Mkulu wa ku Katete: Ndipo pali china chimene chinkalepheretsa ntchito zotere kale. Nkhosa za mudzi wonse zimadyera pamodzi. Mphongo yogula ili m'khola, timphongo tam'mudzi tamaliza kale ntchito kubusa, anthu n'kumadabwa kuti ana sakusintha. Pokhapokha eni avomere kuthena kapena kugulitsa timphongo tonse, ndalama tingotaya. Nkhani imeneyi ndi ya anyakwawa, gulu lathu palokha silingalamule khola la munthu.

Membala wa ku Lusaka: Pamenepo ndagonja. Koma zikatheka, dongosolo lake ndi losavuta. Mphongo imodzi ikwanira zazikazi 30. Yaikazi imafuna mphongo pakapita masiku 17 alionse, choncho ikhale nazo milungu 6 kuti iliyonse ipeze mwayi kawiri. Bere ndi miyezi 5. Zikakweredwa mu November ndi December, ana abadwa mu April ndi May, mvula itatha, masangwi a nshawa ndi gaga zilipo. Chaka chikatha tiisinthanitse ndi gulu lina isanayambe kukwera ana ake, apo ayi tidzaona tiana tofooka.

Mayi a ku Chadiza: Ine ndikuti tigule ya hafu, yobadwa kwa Dorper ndi nkhosa ya kumudzi, yobadwira konkuno ku chigawo cha Eastern. Ndi yotchipa, nkhupakupa za kuno inazilawa kale, ndipo chenji chigule mankhwala. Ana ake sadzalemera ngati a Dorper yeniyeni, koma adzakhala amoyo. Ikafika ikhale payokha milungu 3, imwetsedwe mankhwala a njoka, ipoperedwe, ziboda ziwengedwe. Musaiwale chilolezo cha a vetenale poinyamula, pa rodibuloko amafunsa.

Msungichuma: Nanga aziisunga ndani? Khola la denga, pansi pouma, ndi mbusa wodalirika. Ikafa m'manja mwa munthu, alipira kapena ayi? Zilembedwe tisanagule.

Wapampando: Amlembi, lembani mfundo zitatu za Loweruka: ya hafu kapena yeniyeni, za timphongo, ndi wosunga. A ku Katete, mutifunsireko kwa anyakwawa kuti m'mudzi muli nkhosa zazikazi zingati.