Jenereta ikukana kulira, pulagi yada bii. Nditsuke kapena ndigule ina?

Wometa wa ku 25: Akuluakulu muno, thandizeni. Ndili ndi babashopu ku Area 25, magetsi akazima ndimadalira jenereta ya petulo ya 6.5 HP, za ku China zotengera injini ya Honda GX200 zija. Masiku ano ndikumakoka chingwe mpaka phewa kuwawa. Ikalira ikumatsokomola n'kuzima, kasitomala ali pampando mutu wometedwa theka. Ndamasula pulagi (kachitsulo kotulutsa moto woyatsa petulo mu injini), kunsonga kwada bii ndi mwaye wouma, yalembedwa F7TC. Nditsuke kapena ndigule ina? Nanga ku mashopu a masipeya ku Malangalanga ndikafunse iti?

Makaniko wa ku Biwi: Achimwene, mwaye woumawo ukusonyeza kuti injini ikumwa petulo wambiri koma mpweya ukuchepa. Yambani mwaona air filter (chosefera mpweya wolowa mu injini), fumbi la Lilongwe mukulidziwa. Onaninso ngati simukumasiya choko (kotsekera mpweya poliza injini) chili chotseka injini italira kale. Mukangosintha pulagi osakonza zimenezi, yatsopanoyo idanso. Pulagi yabwinobwino kunsonga kumaoneka kofiirira. Ipukuteni ndi burashi ya waya, ibwezereni m'chipewa chake, gunditsani chitsulo chake pa injini, wina akoke chingwe. Moto ukhale wabuluu. Musayese pamene patayikira petulo, ndipo musagwire chitsulocho, chimamenya.

Mayi a Tadala: Oyilo mwamuona? Yathu inkakana chonchi, amuna anga anagula pulagi pachabe. Zambiri zili ndi kachipangizo kodula moto oyilo akachepa.

Wometa wa ku 25: Oyilo ali bwino amayi. Moto ukutuluka koma wachikasu, wofooka. Air filter ndiye ayi, yadzaza fumbi ndi titsitsi.

Makaniko wa ku Biwi: Basitu. Siponji ya mu air filter-yo chapani ndi sopo, iume kaye. Pulagi gulani ina, NGK BPR6ES imalowa bwinobwino, sipana yake ndi 21. Mpata wa kunsonga ukhale 0.7 mpaka 0.8 mm. Dikirani injini izizire, yambani kumanga ndi dzanja mpaka ifike, kenako sipana theka la kuzungulira. Mukayamba ndi sipana mupha mazinga, paja pamene imalowapo ndi aluminiyamu, ndipo kukonza kwake n'kodula kuposa pulagiyo.

Kawale Boy: Ku Malangalanga mutsegule bokosi pomwepo bwana. Za feki zilipo, zolemba zake zimafufutika ukangopaka chala.

Wometa wa ku 25: Zikomo nonse. Kachoyezera mpatako ndilibe, a ku Biwi ndingabwere nayo mawa mundiyezere?