Mwana wanga sagona usiku, ndatsala pang'ono kupenga

Membala wobisa dzina
Amayi anzanga ndi abambo muli muno, pepani ndabisa dzina chifukwa achibale a amuna anga ali pagulu pompano. Ndikulemba nthawi ili 2:40 usiku, mwana ali pabere, dzanja lina lili pafoni. Mwana wangayu sagona. Akayamwa amagona bwinobwino m'manja, koma ndikangomuika pansi, maso tuzu, kenako kulira. Usiku wathawu ndinawerenga, anadzuka ka 7. Masana ndiye amagona ngati wamwa mankhwala, nthawi zina mpaka maola asanu. Amuna anga amangoliza mkonono, kukacha n'kumandiuza kuti "lerotu mwanayu wagona bwino eti?" Ndimangowayang'ana. Apongozi anabwera ati kudzandithandiza, koma 8 koloko agona kale, ndipo ntchito yawo n'kunena kuti mkaka wanga ndi wamadzimadzi, mwana sakukhuta. Alamu anga aakazi anatenga shawelo imene anzanga akuntchito anandipatsa, ati angobwereka, mpaka lero. Omwewo amati wawo ankagona mpaka kucha kuyambira tsiku loyamba. Ngakhale aneba andifunsa ngati mwana akudwala. Ndiye ndikufunsa, mkaka wangawu ndi wochepadi? Ndiyambe wa m'chitini? Chonde musandinyoze, ndatopa kale.

Namwino Wopuma
Pepani mwanawe. Tisanapite patali, mwanayo ali ndi masiku kapena miyezi ingati? Akuyamwa bere lokha? Kusikelo akukwera? Matewera onyowa mumasintha angati patsiku?

Mayi wa Asanu
Vuto ndi inuyo mayi, osati mwana. Mwamuzoloweza manja. Ine ndalera ana asanu, lero onse ndi anthu akuluakulu, palibe anandichezetsapo usiku. Mwana amayamwa pakatha maola anayi, BASI. Akalira pakatipo mpatseni timadzi towiritsa pasupuni, mumugoneke chafufumimba, mutseke chitseko. Masiku atatu okha azolowera. Atsikana a masiku ano mumafuna kulera mwana ndi foni.

Bambo Wosagona
Achemwali, m'malo mwa abambo onse a mkonono ndikupepesa. Ifetu timamva, kungoti timadziwa kuti tikadzuka tilibe chopereka 😂

Anti Chilungamo
Bambo Wosagona, si zoseketsa. Thewera limafuna bere? Kumugeyetsa mwana kumafuna bere? Kumubweretsera mkazi wako madzi akumwa pamene akuyamwitsa? Mwana munapanga awiri, koma ikafika 2 koloko usiku ndi wa mmodzi. Achemwali, agwedezeni adzuke. Ine anga ndinkawathira timadzi kumaso.

Bambo Wosagona
Anti, dzina langali mukuliona? Ndinalipeza chifukwa choyenda ndi mwana paphewa kuchokera kukhomo kukafika pawindo mpaka m'bandakucha. Ndimangocheza.

Namwino Wopuma
Mayi wa Asanu, ndi ulemu wonse, zitatu mwanenazo palibe imene ndingavomere. Khanda limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, usiku womwe. Mimba yake pa tsiku loyamba imangolowa mamililita 5 mpaka 7, ndipo ngakhale pakatha sabata imakhala isanapose 60. Mkaka wa m'mawere sukhalitsanso m'mimba. Madzi amangodzaza kamimbako mwana osapindula kanthu, n'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati bere lokha kwa miyezi 6, popanda ngakhale madzi. Za chafufumimba ndiye ayi ndithu. Khanda ligone chagada nthawi zonse.

Mayi wa Asanu
Anamwino, zimenezo ndi za m'mabuku. Anga onse anagona chafufumimba ndipo ALI MOYO. Mwana akagona chagada n'kusanza, satsamwa? Mawu a akuluakulu amakoma akagonera.

Namwino Wopuma
Inenso ndine wamkulu mayi, ndili ndi zidzukulu. Mwana wathanzi akagona chagada amameza kapena kutsokomola zimene wabweza. Kale ifenso tinkaganiza ngati inuyo. Koma mu 1994 ku America kunayamba kampeni ya Back to Sleep yolimbikitsa kugoneka ana chagada, ndipo imfa zadzidzidzi za makanda ali m'tulo zinatsika ndi theka m'zaka zotsatira. Anu asanuwo Mulungu anawasunga, tithokoze.

Make Mapasa
Inu mukudandaula mmodzi? Ine anali awiri. Uyu akagona, winayo amayamba. Tsiku lina ndinayamwitsa mmodzi yemweyo kawiri, mnzake akungolira, ine osadziwa kuti chavuta n'chiyani. Foni ndinaipeza mufiriji. Ndinapita kusikelo nditavala nsapato zosiyana. Amuna anga anali kutali ndi ntchito, ankangoimba kufunsa ngati ana akufanana nawo. Zimatha achemwali, kaya zimatha bwanji koma zimatha.

Mlongo mwa Ambuye
Mwana akamadzuka nthawi imodzimodzi usiku uliwonse si zachibadwa. Pemphererani chipindacho musanagone. Ndikukumbukirani m'mapemphero a m'mawa.

Bambo Wosagona
Mlongo, wanga ankadzuka 1 koloko ndi 3 koloko ndendende. Tinapemphera ndithu, koma chinkamugoneka ndi kuyamwa.

Mayi wa Botolo
Ndikuona anthu akuzemba funso lenileni. Achemwali, ngati mwafika pothera, mkaka wa m'chitini si poizoni. Ine nsonga za mawere zinang'ambika mpaka kutuluka magazi, ndinkalira mwana akamayandikira. Nditayamba botolo ndinakhalanso munthu. Kungoti musamale: madzi awire, azizireko koma asatsike madigiri 70 posungunula, kenako muziziritse musanamupatse. Muyezo wake tsatirani wa pachitini, osawonjezera supuni poganiza kuti akhuta kwambiri. Wosungunula kale usapose maola awiri uli panja, ndipo wotsala m'botolo tayani. Koma ndisakunamizeni, wanga ankadzukabe katatu.

Anti Chilungamo
Ndiye ngati ankadzukabe mwawathandiza chiyani? Kuwonjezera kutsuka mabotolo usiku?

Mayi wa Botolo
Ankamupatsa ndi bambo ake ine ndikugona. Si zomwe mumafuna zija, Anti?

Mayi wa Asanu
Botolo ndi ulesi. Bere ndi bere. Koma pa maola anayi.

Mayi wa Botolo
Mayi inu, madzi a pasupuni mukuvomereza, mkaka wa m'botolo mukuti ulesi? Tiziganizako polemba.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse. Koma Anti Chilungamo, amuna anga si oipa, amadzuka m'mamawa kupita kuntchito ndipo matewera sanatisowetsepo. Vuto ndi mayi awo. Lero anena pamaso pa alendo kuti mawere anga ndi aang'ono, ndiye mwana angakhute bwanji. Ndinakalirira kubafa.

Namwino Wopuma
Kukula kwa bere sikunena kuchuluka kwa mkaka mwanawe, zimenezo zisakulizeni. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene mwana akuyamwira, ndipo timadzi ta m'thupi totchedwa prolactin, timene timachititsa kuti mkaka upangike, timakwera kwambiri usiku. Kuyamwa kwa usikuko ndi komwe kukukuwonjezerani mkaka wa mawa. Koma simunandiyankhe: mwanayo ali ndi masiku angati?

Mayi Wophunzira Mochedwa
Ine sindikangana ndi munthu, ndingonena zomwe zinandionekera. Ndinkaopa kugona naye pabedi, ndiye ndinkakayamwitsira pasofa. Usiku wina ndinasinza. Nditadzidzimuka mwana anali atatsetserekera pakati pa ine ndi khushoni, nkhope itakanirira. Anali bwino, koma mpaka lero ndikakumbukira manja amanjenjemera. Kuchipatala anandiuza kuti kugona ndi khanda pasofa kapena pampando n'koopsa kuposa pabedi. Ngati mukuona kuti musinza, bola pabedi pamatiresi olimba, mapilo ndi mabulangete kutali ndi mwana, ndipo pasakhale munthu amene wamwa mowa kapena wosuta fodya. Mukadzidzimuka mumubwezere pogona pake, pafupi ndi bedi lanu.

Mayi wa Asanu
Mwaonatu. Akanamusiya kuchipinda kwake zonsezi sizikanachitika.

Mayi Wophunzira Mochedwa
Mayi, si zomwe ndanena. Anandilangiza kuti agone chipinda chimodzi ndi ine miyezi 6 yoyamba, koma pakabedi kake.

Kamtsikana ka Mafunso
Ine ndilibe mwana koma mkulu wanga ankaika alamu masana kuti azimudzutsa mwana pakatha maola awiri kapena atatu. Ati akayamwa mokwanira masana, usiku amatalikitsako. Yesani alamu.

Bambo Wosagona
Alamu ake ati? Omwe anatenga shawelo aja? 😂😂

Make Mapasa
Kkkkk bambo inu mwandidzutsira ana.

Anti Chilungamo
Za shawelozo musazisiye achemwali. Lero shawelo, mawa adzabwereka kabedi ka mwana. Atumizireni uthenga pompano.

Mayi wa Asanu
Kudzutsa mwana wogona?? Ndiye misala imeneyo. Mwana wogona sadzutsidwa, aliyense amadziwa. Gululi lalowa ana.

Woyang'anira gulu
Tiyeni tilemekezane. Ndachotsa ndemanga ziwiri za anthu otsatsa mankhwala ogonetsa ana. Khanda silipatsidwa mankhwala alionse popanda a chipatala, ndipo wina akabwerezanso ndimutulutsa.

Bambo wa Kachiwiri
Zomwe zinatithandiza ife ndi zing'onozing'ono. Masana makatani otsegula, phokoso la m'nyumba lizimveka. Usiku kagetsi kofooka, osamulankhula, osamuseweretsa, thewera kusintha pokhapokha wabiba kapena lanyowa kwambiri. Akatha kuyamwa timamugwira choimirira paphewa mpaka ageye, n'kudikira mphindi ngati 20 kuti tulo tigwire. Mukakweza kadzanja kake n'kugwa kokha lobodo, ndiye muikeni pansi, matako ayambe kufika, mutu pomaliza. China: makanda amabuula, kudzinyongola, ngakhale kutsegula maso ali m'tulo. Mwana woyamba tinkamunyamula akangoti kwee, kumene timamudzutsa ndife. Ndipo ine ndinkakhala naye kuyambira 8 mpaka 12 usiku, mayi ake agoneko maola angapo osadukiza, ndinkangowadzutsa akafuna bere.

Anti Chilungamo
Awa ndiye abambo. Bambo Wosagona tengani kope mulembe.

Membala wobisa dzina
Bambo wa Kachiwiri zikomo, ndiyesa za kadzanjazo. Za kumusambitsa madzulo kuti agone, wina wandilembera kumbali, ndiyambe lero? Poti mchombo wangogwa dzana, apongozi akuti ndidikire kaye.

Namwino Wopuma
Mchombo wagwa dzana? Ndiye mwanayu mwina sanakwanitse n'komwe masabata atatu! Mwanawe, mukananena poyamba pomwe. Pa msinkhu umenewu kudzuka ka 7 si matenda. Khanda silinadziwe kusiyanitsa usana ndi usiku, zimenezo zimayamba kukhazikika cha pa miyezi iwiri kapena itatu. Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi maola asanu a masanawo. Makanda amatsika sikelo masiku oyamba ndipo amayenera kubwerera pa kulemera kobadwa nako pofika masiku 10 mpaka 14. Asanabwerere, musamusiye maola oposa atatu kapena anayi osayamwa, mudzutseni ndithu, kamtsikana kaja kananena zoona. Werengani matewera: 6 onyowa kapena kuposa patsiku ndiye kuti mkaka ukulowa. Koma akamakanika kudzuka kuti ayamwe, maso kapena khungu zikaoneka zachikasu, akamapuma mobanika, kapena thupi likatentha kufika madigiri 38, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku womwewo. Ndipo tsiku limene mwafika pomva ngati mumukhutchumule, muikeni chagada pogona pake, tulukani mphindi zingapo, dzutsani munthu wina. Khanda siligwedezedwa mwamphamvu, ubongo wake suchedwa kuvulala. Inunso kulira kwa kubafako kukapitirira masabata awiri, mukawauze a chipatala, n'zothandizika.

Mayi wa Asanu
Aaa ngati ndi wa masiku ndiye nkhani ina. Inetu ndimanena za mwana wamkulu. Mukanafotokoza bwino mayi. Komabe manjawo musamuzoloweze.

Mayi wa Botolo
Wamkulu wa madzi a pasupuni uja?

Mayi wa Asanu
Sindiyankha ana.

Membala wobisa dzina
Anamwino, ali ndi masiku 12. Matewera sindimawerenga, ndiyamba lero, ndipo kusikelo tipita mawa. Pano ndi 3:15, wayamwa, kadzanja kagwa kokha, ndamuika pansi ndipo sanadzuke. Koma ndiye ine tulo tathawa, ndangokhala n'kumamuyang'ana ngati akupuma.

Make Mapasa
Zimitsani foniyo achemwali. Ine ndilipo, mmodzi wadzuka.