Kodi mpatuliro uyenera kubwera "and" asanalembedwe m'Chingerezi?

Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani ya kalembedwe ka Chingerezi yomwe yandisowetsa mtendere sabata ino. Ndimaphunzitsa Chingerezi ku Fomu 4 pa sukulu ina kuno ku Mzuzu, ndipo ana anga ndakhala ndikuwaphunzitsa kuti polemba mndandanda wa zinthu asamaike mpatuliro "and" asanafike, monga "maize, beans and groundnuts", chifukwa ndi momwe tinaphunzirira ifeyo potsata kalembedwe ka ku Britain.

Dzulo mtsikana wina analemba kuti "I thank my parents, the chief and the pastor", ndipo nditawerenga kachiwiri ndinaona kuti chiganizocho chikhoza kumveka ngati makolo akewo ndiwo mfumu ndi abusa. Mpatuliro umodzi pambuyo pa "chief" ukanachotsa chisokonezo chonsecho. Ndikudziwa kuti osindikiza mabuku a Oxford University Press amauika nthawi zonse, n'chifukwa chake ena amautcha Oxford comma, pomwe nyuzipepala zambiri siziuika.

Kodi inu amene munachongapo mayeso a MSCE, mwana akauika mumamuchotsera malikisi, kapena chofunika n'chakuti asasinthesinthe m'chimangirizo chonse?