Masalimo a chiEfik ku Calabar amawapeka bwanji?

wa_alto:
Abale a m'makwaya ndithandizeni. Pa YouTube ndakhala ndikumvetsera Misa za ku Calabar ku Nigeria, salimo la pakati pa mawerengo lija amaimba m'chiEfik, kolasi yaifupi mpingo wonse kuyankha, koma chandidabwitsa nchoti tchuni cha mavesi sichifanana ndendende, vesi iliyonse wotsogolera akukhotako pena pake. Ndi dala kapena ndi sitayilo yake chabe? Ndikufuna ndimvetse zenizeni poti nane ndayamba kupekako.

mphunzitsi_wa_kwaya:
Ndi dala achemwali. ChiEfik tanthauzo la mawu limadalira kukweza ndi kutsitsa liwu, ukakweza pofunika kutsitsa basi wanena zina. Ndiye wopeka wodziwa ntchito sathamangira pa kiyibodi ayi, amayamba wawerenga vesiyo mokweza mobwerezabwereza ngati akuyankhula ndi munthu, kumvetsera pomwe liwu lakwera pomwe latsika, kenako ma do re mi aja azitsata njira yomweyo. Vesi yachiwiri mawu ndi ena ndiye tchuni nachonso chipindike, palibe kuchitira mwina. Ngakhale a alto ndi a tena nthawi zambiri amayenda limodzi ndi a soprano, akakwera akwere onse, chifukwa ena akatsika pamene anzawo akukwera ndiye kuti kwaya imodzi ikunena zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ineyo ntchito imeneyi ndimaipatsa ulemu kwambiri.

gogo_wa_bass:
Aphunzitsi mwalasa. Ndiwonjezereko mbiri pang'ono. ChiEfik chinayamba kalekale kulembedwa, mmishonale Hope Waddell wa chiPresbyterian anafika ku Calabar mu 1846, mmishonale mnzake Hugh Goldie anamasulira Chipangano Chatsopano chomwe chinatuluka mu 1862, Baibulo lonse 1868. Koma nyimbo za nthawi imeneyo ankangotenga matchuni a ku Ulaya nkuikamo mawu, tchuni chimodzi mavesi onse, apo ndi pomwe mawu ankapotokera. Ife Akatolika tinali pa Chilatini mpaka msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II unatsegula khomo la ziyankhulo zathu pa Misa mu 1963, ndiye opeka a masiku ano akukonza zinthu zomwe zinakhota kwa zaka zambiri.

mlongo_wa_mphakati:
Chimodzi chokha musaiwale mwana wanga, salimo ndi Mawu a Mulungu, si nyimbo yoti usinthe mawu kuti akwane m'tchuni, kapena kuchotsa salimolo nkuikapo kolasi yomwe kwaya imaikonda. Ndipo Lamulungu lililonse lili ndi salimo lake, mawerengo amazungulira zaka zitatu, chaka A, B ndi C, ntchito ndi yambiri zedi. Kolasi ikhale yoti agogo akaimva kawiri aigwire, ndipo a ng'oma azichepetsa dzanja pa vesi anthu amve mawu.

wa_alto:
Zikomo nonse. Aphunzitsi nanga pa mavesi aataliwo mumalemba manotsi a vesi iliyonse payokha, kapena mumangomuphunzitsa wotsogolera pakamwa?