Zowonjezera pa funso la chemwali wa ku Nchalo wopalasa njinga ya mpikisano

Munafunsa chifukwa chake miyendo imakokana mukadutsa makilomita 50, ndipo tinati muzinyamuka 5 koloko m'mawa, dzuwa la kuchigwa lisanakwiye, n'kumamwa botolo la 500 ml ola lililonse, lina la madzi, lina la Thanzi ORS. Mwatiuza kuti kukokanako kwatha, koma pa mpikisano anzanu akukusiyani pachitunda.

Vuto ndi msewu womwe mumaphunzirirapo. M1 kuchoka ku Nchalo kudzera ku Ngabu mpaka ku Bangula ndi wa see, miyendo yazolowera giya imodzi. Kamodzi pa sabata wolokani mlatho wa Kamuzu, mukayambe chikweza cha ku Thabwa cholowera ku Blantyre. Kwerani mphindi 5 mwamphamvu, bwererani pansi pang'onopang'ono, mubwereze kanayi. Pakatha masabata atatu mufike kasanu ndi kamodzi. Khalani pachishalo, mapedulo azizungulira ka 70 kapena 80 pa mphindi. Ngati giya yaikulu yakumbuyo ili ndi mano 25, pezani ya 32, apo ayi mawondo ndiwo alipire. Potsika samalani malole m'makona, ndipo mabuleki muzigwira n'kusiya, chifukwa mukakanikiza osalekeza limu imatentha, chubu n'kuphulika.

Za zilonda za pachishalo mwatchulazo: kabudula wa njinga uja savalira ndi chamkati, msoko ndi umene umakupekesani. Muzimuchapa tsiku lomwelo.

Mukamatopa msanga ngakhale mutapuma bwino, makamaka mukangomaliza msambo kapena mutadwalapo malungo, kayezetseni kuchuluka kwa magazi kuchipatala musanawonjezere masewera.