Kodi a Chamorro a ku Guam akulephereranji kuchita riferendamu yawo?

Nambewe, Area 25:
Akuluakulu, gulu lathu la mtsutso kuno ku Lilongwe latipatsa mutu wa a Chamorro, eni nthaka a zilumba za Mariana. Guam, chimodzi mwa zilumbazi, chili m'nyanja ya Pacific pansi pa ulamuliro wa America, ndipo yakhala pa mndandanda wa United Nations wa madera osadzilamulira kuyambira 1946. Ife mu 1993 tinavota nkhani n'kutha. Iwo chikuwatsekereza n'chiyani kuvotera tsogolo la ulamuliro wawo?

Achimwene a ku Kawale:
Mayi Nambewe, mfundo yamangika pa funso lakuti avote ndani. Lamulo la Guam la 2000 linati ovota akhale okhawo amene analandira unzika wa America kudzera mu Organic Act ya 1950 (lamulo la America lokhazikitsa boma la Guam), pamodzi ndi zidzukulu zawo. Zosankha zinali zitatu: kudziimira paokha, kudzilamulira koma ali pa mgwirizano ndi America, kapena kulowa mu America ngati chigawo chokwanira. Mzika ina yobwera inakasuma, mlandu wa Davis v. Guam. Khoti linathetsa lamulolo mu 2017, la apilo la Ninth Circuit n'kuvomereza mu 2019, ati ngakhale lamulo likutchula chaka, kwenikweni likusankha anthu potengera mtundu, zomwe Fifteenth Amendment, ndime ya malamulo aakulu a America, imaletsa pa zisankho. Supreme Court inakana kuumva mu 2020.

Apa mpomvetsa chisoni. A Chamorro tsopano ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu a pachilumbapo. Mukati aliyense avote, tsogolo la eni mudzi aligamula ndi alendo.

Gogo Chisale, Likuni:
Musaiwale nthaka, ana anga. Chamorro Land Trust, ndondomeko ya malo ya boma la Guam ya 1975, imabwereketsa malo kwa zaka 99 pa dola imodzi pachaka. Boma la America linaisumira mu 2017 ponena kuti ndi tsankho, ndipo pogwirizana mu 2020 anasintha: woyenera ndi amene banja lake linalandidwa malo, osati chifukwa cha mtundu. Chonsecho asilikali a America akugwirabe malo oposa kota ya chilumbacho, kuphatikizapo Andersen Air Force Base ndi mbali ya doko la Apra.

Nabanda, Area 47:
Pa mtsutsopo musaphatikize Guam ndi Northern Mariana Islands. Kumpotoko anakambirana pangano lawo ndi America mu 1975, ndipo Article XII ya malamulo awo imati malo agule mbadwa zokha. Komanso riferendamu ikanachitika, siikanamanga manja Congress, nyumba ya malamulo ya America. Anthu a ku Guam anavomereza Commonwealth Act, bilu yowapatsa mphamvu zambiri zodzilamulira, mu 1987, koma inakafera ku Washington, kumene nthumwi yawo ilibe voti pokhazikitsa malamulo.