Mwana wanga salemba ntchito ya kusukulu ndikapanda kukhala naye pambali

Mayi wa ana awiri:

Ndikupempha nzeru kwa aphunzitsi ndi makolo anzanga. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 10, ndipo aphunzitsi ake amanena kuti ndi wanzeru, koma ntchito imene amapatsidwa kuti alembere kunyumba saigwira pokhapokha ine nditakhala naye pambali. Ndikangochokapo pang'ono, pobwerera ndimapeza akusongola pensulo yomwe inali yosongoka kale, kapena akujambula galimoto kutsamba lomaliza la kope. Dzulo mafunso 8 a masamu anatitengera pafupifupi maola awiri, ndipo theka la mayankhowo ndinachita kumuuza ndine chifukwa ndinali nditatopa. Kodi ndichite chiyani kuti aziika maganizo pa ntchito yake ndi kumaigwira yekha?

Mphunzitsi wa pulayimale:

Mayi, mundikhululukire ndikanena kuti gawo lina la vutoli lili pampando umene mumakhalawo. Mwanayo waphunzira kuti akangokhala chete ndi kuzengereza kwa nthawi yokwanira, yankho limachokera kwa amayi, ndiye alibe chifukwa chovutikira. Kumeneku si kukunenani, popeza ngakhale ife aphunzitsi timagwa mu msampha womwewo belu likakhala pafupi kulira.

Mu 1976, akatswiri a za kaphunziridwe ka ana David Wood, Jerome Bruner ndi Gail Ross anayerekeza thandizo la munthu wamkulu ndi nsanja imene amisiri amakwerapo pomanga khoma: imafunika khoma lidakali lalifupi, koma imachotsedwa pang'onopang'ono ntchito ikamapita patsogolo. Choncho musachoke lero n'kumusiyiratu, chifukwa adzangotaya mtima. Funso loyamba lembani naye, koma iye ndiye azilankhula zimene akuchita, inu muzingomvetsera. Kenako muuzeni kuti, “Awiri otsatirawa ulembe wekha, ndibwera pakatha mphindi 10,” ndipo nthawiyo muisunge ndithu. Akakanika funso, aike kachizindikiro pambali pake n'kupita pa lina m'malo mokuitanani. Mukabwerera, musamufunse ngati wamaliza, koma mumufunse pamene anayambira kusokonezeka, chifukwa mwana amene angathe kuloza ndi chala malo amene wakanika ndiye kuti wayamba kudziyang'anira yekha.

Ndikupemphaninso kuti zolakwa zake muzizilola kufika kusukulu. Kope likabwera lokhoza lonse, ine ndimaganiza kuti phunzirolo lalowa ndipo ndimapitirira, pamene amene wakhoza ndi kholo.

Bambo wa mtsikana wa zaka 12:

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, ndipo ndiwonjezereko za nthawi ndi kawerengedwe. Maola awiri pampando ndi ochuluka kwa mwana wa msinkhu umenewo. Pali njira imene anayambitsa Francesco Cirillo wa ku Italy, yogwira ntchito mphindi 25 kenako n'kupuma mphindi 5, koma kwa mwana wanga ndinayambira pa mphindi 12 zokha, foni ndi wailesi yakanema zili zozimitsa, ndipo pathebulo pali buku limodzi, kope ndi cholembera basi. Wotchi amaitchera yekha, ndipo zimenezi zinachepetsa mikangano chifukwa amene akumulamula salinso ine.

Chachiwiri ndi kukumbukira. Katswiri wa za maganizo a anthu wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza kale mu 1885 kuti zambiri zimene munthu wangophunzira kumene amaziiwala m'maola ndi masiku oyambirira, ndiponso kuti kubwereza pa masiku otalikirana kumathandiza kuposa kuunjika zonse tsiku limodzi. Mu 2006, akatswiri enanso, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapeza kuti ophunzira amene anawerenga nkhani n'kuyesa kuilemba kuchokera m'mutu anakumbukira zambiri patatha sabata kuposa amene ankangoiwerenga mobwerezabwereza, ngakhale kuti patangotha mphindi zochepa obwerezawo ndiwo ankaoneka ngati apambana. N'chifukwa chake mwana wanga akawerenga tsamba amatseka buku n'kundifotokozera zimene wagwirapo, kenako amatsegula yekha kuti aone zimene wasiya. Poyamba ankadana nazo kwambiri. Tulo natonso musatiiwale, pakuti bungwe la akatswiri a za tulo la ku America, la American Academy of Sleep Medicine, limalangiza kuti ana a zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12 pa tsiku.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito:

Anzanga anena zomveka, koma ine ndisiyane nawo pang'ono pa kumene tiyambire. Pa zaka zimene ndinaphunzitsa, ndinaona kuti mwana wosongola pensulo yosongoka kale nthawi zambiri sakhala waulesi, koma amakhala akubisala. Mwina pali sitepe ina ya m'mbuyo, monga kuchulukitsa, imene sanaimvetse, ndipo wotchi siingakonze zimenezo. Mupatseni kaye mafunso a kalasi ya chaka chatha muone ngati angawalembe yekha mosavuta. Mufunsenso aphunzitsi ake ngati amatero m'maphunziro onse kapena m'masamu mokha, ndipo ngati vutoli limaoneka paliponse, kusukulu ndi kunyumba komwe, ndi bwino kuti a zaumoyo amupime maso ndi makutu komanso aone ngati ali ndi vuto la ADHD, limene limachititsa mwana kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi kapena kukhazikika.

Mawu anu akuti “ndi wanzeru” andikumbutsa kafukufuku wa Claudia Mueller ndi Carol Dweck wa mu 1998. Ana amene anayamikiridwa kuti ndi anzeru ankakonda kusankha ntchito zosavuta ndipo ankafooka msanga akalephera, pamene amene anayamikiridwa chifukwa cha khama ankalimbikirabe. Mwana amene wamva kwa zaka zambiri kuti ndi wanzeru amaopa kulemba yankho lolakwika pamaso pa mayi ake, ndiye amaona kuti kuli bwino asalembe chilichonse. Muziyamikira chinthu chenicheni chimene wachita, monga kubwerera yekha pa funso limene analidumpha.

Mayi wa ana awiri:

Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa kwa masiku 4, ndipo zimene ananena agogo aphunzitsi zapezeka zoona: kuchulukitsa ndi 7 ndi 8 sakukudziwa bwino, ndiye masamu ogawa ankangomuzunguza mutu. Tsiku loyamba anandiitana kasanu m'mphindi 10, ndipo ndinachita kudziletsa kuti ndisapite. Dzulo anandiitana kamodzi kokha, ndipo m'kope munali tizizindikiro tiwiri pambali pa mafunso amene anakanika. Ndawasiya choncho, ndipo ndalemba kakalata kopita kwa aphunzitsi ake kuwapempha kuti awaone naye mawa.